Mapointi a Loweruka

Anthu a labu si anthu a pakamwa. Ntchito yawo ndi yowerama: diso pa maikulosikopu, msana wopinda, chitseko chotseka. Odwala ambiri amangowadziwa ngati dzanja lotulukira pa kawindo kudzalandira kabotolo. M'zipatala zazikulu amakhalako angapo, ndiye wina akakodwa amakodola mnzake. Koma m'timakiliniki ta mu Limbe ndi m'mataunishipi munthu wa labu amakhala yekhayekha ndi firiji yake, ndipo akaona chachilendo m'magazi a munthu alibe womuuza kuti, "Tabwera udzaone ichi." Kusowa diso lachiwiri kumeneku n'kumene kunachititsa Ella kuyambitsa gulu.

Ella anali mayi wa ku Manja, wobadwira m'nyumba imene agogo ake anamanga atangofika kuchokera ku Mozambiki. Ankagwira ntchito pa kiliniki ina mkati mwa tauni ya Blantyre, kuseri kwa masitolo a nsalu. Anali wa mtundu uja wa anthu amene akabwereka cholembera amabweza ndi kachivindikiro komwe. Gulu lake linayamba ndi anzake ochepa a ku koleji, kenako aliyense anakoka mnzake, mpaka munadzaza anthu a labu ochokera ku Limbe, Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, Akhristu ndi Asilamu, a imvi ndi ena oti inki ya pa satifiketi sinaume n'komwe. Loweruka lomaliza la mwezi ankakumana ku Sunnyside, pa khonde la nyumba yakale imene bungwe lina la zaumoyo linaisandutsa ofesi. Bungwelo linawabwereka khondelo, mipando ya pulasitiki, ketulo ndi maikulosikopu imodzi.

Munthu wodutsa akanawaona akanaganiza kuti pagwa zovuta. Wina ankatulutsa kagalasi ka magazi kokulunga m'tishu n'kunena kuti, "Aka kandigonjetsa." Kapena ankaulula kuti, "Apa ndinalemba kuti mulibe malungo, koma munthu anabweranso ali thapsa." Zikatero anthu ankandanda kumbuyo kwa maikulosikopu, aliyense kuwerama, kusuzumira, kuweramuka osanena kanthu. Bata limenelo nthawi zina linkatalika mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza wina ankatsokomola n'kunena zimene waona, mnzake kumutsutsa, wachitatu kuweramanso, ndipo mwini kagalasi ankabwerera kwawo mtima utapepuka. Zonenedwa pakhonde paja zinkatsala pomwepo. Palibe anakhazikitsa lamulo limeneli, linangomera lokha.

Vuto linabwera litavala tayi, ndipo choipa kwambiri, linabwera ndi mtima wabwino. A Ronald, amene ankayang'anira za maphunziro m'bungwe lija, anaitanira Ella mu ofesi yawo. Nkhani yake inali ya mapointi. Munthu wa labu aliyense amayenera kusonyeza chaka ndi chaka kuti akupitiriza kuphunzira, apo ayi chiphaso chake chogwirira ntchito sichikonzedwanso. Mapointi ake amapezeka m'maphunziro a m'mahotela, kumene amapitako ndi anthu a m'zipatala zazikulu. Wa kakiliniki ka ku Bangwe angatseke labu sabata yonse kupita ku hotela, mwini kiliniki n'kumumwetulira? Ambiri m'gulu la Ella chaka chikamatha ankagona mtima uli m'mwamba.

"Mayi Ella, gulu lanu ndi labwino, koma pa pepala kulibe," anatero a Ronald akuzunguliza cholembera. "Ndalankhula ndi akuluakulu opereka ziphaso. Akuti Loweruka lanu likhoza kumabala mapointi, bola muonetse kuti anthu amatengadi mbali, osati kungobwera kudzamwa tiyi. Ndani wafika, ndani wafunsa, ndani wayankha, pa gulu lanu la pa foni pakuyenda mauthenga ochuluka bwanji. Mutisonkhanitsire zimenezo kwa miyezi ingapo, kenako adzabwera okha kudzaona."

Ella anatuluka mu ofesimo akumwetulira yekha mpaka pa geti. Anaganiza za Binti, mtsikana wa kiliniki ya mu Limbe amene chaka chapitacho chiphaso chinatsala pang'ono kumupulumuka. Anaganiza za Yona wa ku Ndirande, wa ana anayi ndi njinga yamoto yotsokomola. Gulu limene iye analiyambitsa lidzawapulumutsa onsewa, ndipo lidzakhala ndi dzina pamaso pa akuluakulu. Za kuwerengazo sanaziope ngakhale pang'ono. Munthu amene amawerenga tizilombo tsiku ndi tsiku angaope bwanji kuwerenga anthu, amene ndi aakulu ndipo amaoneka popanda galasi?

Loweruka lotsatira anafotokoza zonse, anthu anawomba m'manja. Yona yekha ndi amene anakweza dzanja.

"Ndiye kuti mayina athu azipita ku ofesi, asisi?"

"Ayenera kupita, a Yona. Mapointiwo ndi a munthu payekhapayekha."

"Ndi zimene tanenazo?"

"Mwachidule chabe. Mzere umodzi, kuti aone kuti tinakambirana za ntchito."

Yona anagwedeza mutu n'kutsitsa dzanja. Ella anatenga kugwedezako ngati kuvomera, chifukwa munthu akasangalala mutu uliwonse wogwedezeka umamuvomereza.

Mwezi woyamba foni yake sinapume. Gulu limene kale linkatha sabata lili zii linayamba kudzuka tambala asanalire. M'mawa kunkagwa zithunzi za maluwa: maluwa ofiira, maluwa othothoka mame, maluwa okhala ndi vesi pansi pake. Lachisanu kunkagwa mafuno abwino a tsiku la mapemphero, Lamulungu a tsiku la tchalitchi, ndipo aliyense ankayankha aliyense mosasankha chipembedzo, umodzi umene atsogoleri a mipingo akanauchitira nsanje. Wina akalemba kuti magetsi azima ku Chilomoni, mayankho ankatsika ngati mzere wa nyerere: "Ndaona." "Zoona." "Pepani." "Ndaona." Dan wa ku Bangwe anapeza mgodi wa nkhani zazitali za kafukufuku wakunja, zimene ankazitumiza zitatuzitatu, ndipo anthu ankamuthokoza kuti aphunzira zambiri pasanathe nthawi yoti munthu n'kutsegula n'komwe. Kumapeto kwa mwezi Ella ankatulutsa mayina a amene achita bwino koposa. Anzake anamupatsa dzina loti a Adimini, ndipo iye ankaliseka nawo.

Pakhonde la ku Sunnyside napo panasintha. Ella ankakhala pakona ndi foni m'manja, kulemba aliyense woimirira. Anthu a labu, amene kale ankasunga mawu ngati shuga wa kumapeto kwa mwezi, anasanduka aphungu a nyumba ya malamulo. Wina ankaimirira kunena kuti ukhondo mu labu ndi wofunika. Mnzake ankaimirira kuti, "Ine ndingowonjezera pang'ono pa zimene anena anzangawa," n'kunena zomwezo mozondotsa. Wachitatu ankathokoza awiri oyambawo chifukwa cha mfundo zakupsa. Ngakhale Che Alidi, bambo a imvi a kiliniki ya ku Kanjedza, amene zaka zonsezi ankalankhula kamodzi pa misonkhano itatu, anayamba kuimirira n'kugwirizana ndi onse amene alankhula. Walira mvula walira matope. Ella anapempha kuti anthu azilankhula, ndipo analankhuladi.

Maikulosikopu inkakhala pa tebulo lake itavala pulasitiki. Ella anaziona zimenezo, si kuti anali wakhungu.

"Kodi palibe wabweretsa kagalasi lero?" ankafunsa msonkhano ukamatha.

"Mwezi uno zayenda bwino, a Adimini," wina ankayankha.

Mwezi wotsatira zinayendanso bwino. Magazi a anthu a mu Blantyre yense, amene kwa zaka ankazunguza mitu ya akatswiri, anangoti mwadzidzidzi kukhala osavuta. Mumtima Ella anamva kakayikiro, koma ankakakankhira kumbali, poti manambala ankakwera. A Ronald anawasandutsa chithunzi cha mzere wopita m'mwamba, n'kumuonetsa pa kompyuta monyadira ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Anati akuluakulu aja avomera kudzafika Loweruka lomaliza la mwezi umenewo, ndipo akakakhutira nkhani yatha.

Sabata ya Loweruka limenelo, pa kiliniki ya Ella panabwera mayi wina wogulitsa kaunjika. Thupi linkamutentha masiku angapo, kenako kuleka ngati wachira, kenako kuyambiranso. Aka kanali kachitatu adokotala kumutumiza ku labu kuti akayezedwe malungo, ndipo kachipangizo koyezera mwachangu kankangokana. Ella anapaka magazi pa kagalasi, kuthira utoto, kuumitsa, n'kuwerama. Tizilombo ta malungo munalibe. Koma pakati pa timaselo tofiira panali tinthu tina topyapyala, topotana ngati tsitsi lothothoka pa chipeso. Anapukuta galasi la makina, kuyang'ananso, tinali pompo. Mwina linali dothi la mu utoto. Mwina sanali kanthu. Mwinanso ndi timeneti tinkamugwetsa mayiyo.

Anajambula chithunzi ndi foni kudzera pa diso la maikulosikopu, n'kutsegula gulu lake. Anayenera kudutsa kaye maluwa a m'mawa umenewo, mapepani a madzi amene anasiya kutuluka ku Ndirande, ndi nkhani za Dan. Anayamba kulemba: "Anzanga, ndathedwa nzeru, ichi sindikuchidziwa." Chala chinaima.

Uthengawo ukapita, iye mwini adzauwerenga n'kuulemba m'lipoti, pa mzere wa dzina lake: Ella anafunsa za magazi amene wawayeza katatu osapeza yankho. Lipotilo lidzawerengedwa Loweruka ndi anthu omwe aja amene amasayina chiphaso chake. Adzaganiza chiyani? Kuti ndi wakhama, kapena kuti wodwala wakhala akubwerabwera chifukwa wa labu sadziwa ntchito? Anaganiza zongousiya osaulemba m'lipoti, koma nthawi yomweyo anachita manyazi, chifukwa a anzake ankalemba onse. Anafufuta mawuwo limodzilimodzi. Kwa nthawi yoyamba anamva mantha amene anali atawagawira anthu onse aja osadziwa.

Koma wodwala anali akudikira, ndipo safunsa anadya phula. Lachitatu masana anapempha kuti atulukeko pang'ono, anakulunga kagalasi m'tishu, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Anaganiza zoti akaonane ndi Che Alidi mwakachetechete, poti bambo aja anagwirapo ntchito m'maboma ambiri asanakhazikike mu tauni. Anatsikira ku Kanjedza n'kuyenda wapansi mpaka pa kiliniki yawo, nyumba wamba yokhalamo anthu imene khitchini yake inasandutsidwa labu.

Pa mpanda panatsamira njinga yamoto imene Ella anaizindikira asanaiyandikire n'komwe, chifukwa mpando wake unali womanga ndi mphira. Inali ya Yona. Anadabwa kuti Yona akutani ku Kanjedza pakati pa sabata. Atazungulira kuseri anamva mawu a anthu angapo akutsutsana, kenako kuseka kwa Binti. Anati odi, n'kukankha chitseko.

M'kachipinda kokwana firiji, sinki ndi munthu mmodzi munali anthu asanu ndi awiri. Anali atandanda kumbuyo kwa maikulosikopu ya Che Alidi, Dan atawerama, Yona akudikira kumbuyo kwake, nsima ya masana itaiwalika m'makontena pa windo. Onse anacheuka, ndipo phokoso linatha ngati wina wazimitsa wailesi. Binti anabweza dzanja kumbuyo msangamsanga. Maso a Yona sanapite pa nkhope ya Ella, anapita pa foni imene inali m'dzanja lake.

"A Adimini," anatero Dan, mawu atachepa.

"Lowani, chemwali," anatero Che Alidi akukoka kampando ndi phazi. "Mwatipeza."

"Sindinadziwe kuti kuli msonkhano."

"Si msonkhano, asisi," anatero Binti. "Tangokumanizana."

Anthu a ku Bangwe, Ndirande ndi Chilomoni sangokumanizana m'khitchini ya ku Kanjedza masana a Lachitatu, ndipo Binti ankadziwa kuti Ella akudziwa. Ella anali ndi mafunso ambiri, ena aukali, koma chimene chinamubweretsa chinali m'chikwama. Anaponya foni m'chikwamamo, n'kutulutsa katishu kaja.

"Ndabwera ndi aka," anatero. "Kandigonjetsa."

Dan anaweramuka n'kumupatsa malo. Ella anaika kagalasi, anapotoza makina mpaka tinthu tija titaoneka, n'kubwerera m'mbuyo. Anafotokoza za mayi wa kaunjika ndi kutentha thupi kopita n'kubwerera. Mzere unapangika wokha. Yona anawerama nthawi yaitali, kuweramuka osanena kanthu. Binti anawerama, dzanja limodzi likadali kumbuyo. Kunkangomveka kulira kwa firiji ndi kupuma kwa anthu. Ella anatsamira sinki, ndipo anazindikira kuti bata limeneli analisowa miyezi yonseyi ngati mmene munthu amasowera mchere osadziwa chimene chikuperewera mu ndiwo.

"Ine ndikuona dothi," anayamba Binti. "Utoto wanu munausefa liti?"

"Sabata yatha."

"Dothi silipotana chimodzimodzi choncho," anatsutsa Yona. "Taonani tinthuti, tonse tikufanana msinkhu."

"Utoto ukakhalitsa umachita zodabwitsa, a Yona. Ine unandipusitsapo."

Anakangana kwa kanthawi, wina kuweramanso, wina kusintha galasi. Che Alidi anayang'ana komaliza, magalasi awo a m'maso atawakweza pamphumi. Anati sakulonjeza, koma anaonapo zofanana ndi zimenezi kalekale kwa anthu amene analumidwa ndi nkhufi, tizilombo toyamwa magazi usiku m'nyumba zozira. Anati Ella akamufunse mayiyo kumene wagona miyezi yapitayi, akamutengenso magazi pa nthawi imene thupi latentha kwambiri, apake ndi utoto watsopano wosefa bwino, ndipo akawauze adokotala lero lomwe za kukayikira kumeneku.

"Mukakapeza kuti ndi dothi, Binti wawina," anatero. "Mukapezanso tinthu tomweti, ndiye kuti mayiyo akufunika mankhwala ena, osati a malungo."

Ella anachotsa kagalasi kake pang'onopang'ono. Yankho lenileni analibe, koma anali ndi njira, ndipo n'zimene gulu linkapereka kuyambira kale. Anakakulunga m'tishu asanafunse.

"Munayamba liti?"

Anayang'anizana. Anayankha ndi Yona.

"Mwezi womwe uja munayamba kulemba, asisi. Poyamba ndinabwera ndekha kwa madalawa ndi kagalasi kanga. Ndinapeza Binti ali pano ndi kake. Kenako zinangofalikira."

"Bwanji simunandiuze? Ndikanamva. Gululi ndi lathu tonse."

"Tikanakuuzani chiyani?" anatero Yona mofatsa. "Ine ndikasokoneza zinthu ku ntchito ndimafuna ndinene kwa anthu oti andikonze, nkhani ithere pompo. Pano ndinganene pamaso pa foni, zikawerengedwe ndi ondisayinira chiphaso? Ana anga adya chiyani? Koma mapointinso tikuwafuna. Ndiye tinangoona kuti Loweruka likhale la mapointi, Lachitatu la ntchito."

"Munavutika nazo zimenezi, asisi," anawonjezera Binti. "Tinaona mmene munasangalalira tsiku lija. Palibe akanatha kukugwetsani mphwayi. Ndipo za Loweruka likubwerali musade nazo nkhawa, tagawana kale. Ine ndidzafunsa za kasungidwe ka mankhwala oyezera magetsi akazima, a Yona adzayankha, a Dan adzatchula kafukufuku wakunja. Che Alidi adzatsutsa pang'ono kuti zioneke zenizeni."

"Pang'ono chabe," anatero Che Alidi, ndipo ena anaseka motsitsa.

Ella sanaseke. Anaona m'maganizo maluwa onse aja a m'mawa, ma "ndaona" onse aja, anthu otopa ndi ntchito akutha mabandulo awo kulemba zopanda mutu. Iye ankayesa kuti akuwayeza, pamene iwo ankamuvinira, monga achibale amavinira mkwati ngakhale miyendo ikupweteka, kuti asachite manyazi pamaso pa alendo. Chinali chikondi, sakanakana. Koma chinamupweteka kuposa mwano, chifukwa munthu amene anthu amamuvinira ndi amene amuika kale pambali.

"Ndisiya kulemba mayina," anatero.

"Mukasiya, mapointi apita, chemwali," anayankha Che Alidi. "Binti uyu chaka chino alibe kwina kowapeza."

Ella anayang'ana Binti, Binti anayang'ana pansi. Zinali zoona. Chimene anayambitsa sichinalinso choti angachisiye pakati, chifukwa ziphaso za anthu zinali zitakoloweka pamenepo. Anagwira njakata. Anayesa khomo lina, ndipo mawu ake anatuluka ngati a mwana wopempha kulowa nawo masewera.

"Nanga nditamabwera nawo Lachitatu? Osalemba kanthu. Foni ndizisiya ku ntchito."

Dan anayamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

"Ife sitikukukayikirani, asisi," anatero Yona pomaliza. "Koma a Ronald tsiku lina adzakufunsani ngati gulu lanu limachitanso zina. Akadzamva za kuno adzasangalala kwambiri, adzati izi ndiye zofunika kulemba, adzabwera ndi kamera. Ndipo inu mudzawauza, chifukwa simunama. Tonse timakudziwani."

Ella anafuna kutsutsa, koma maso ake anagwera pa Binti. Kuyambira pamene analowa, anthu ayang'ana kagalasi kake, akangana, aseka, koma dzanja la mtsikanayo linali likadali kumbuyo. Binti anabwera kuchokera ku Limbe pa nthawi yake ya nkhomaliro ndi kanthu kamene kamusowetsa mtendere, mwina kokhudza wodwala amene akudikira ngati wake uja, ndipo nthawiyo inali ikutha. Sakanakatulutsa a Adimini ali pompo. Mwina Binti mwini sankadziwa n'komwe kuti akubisa, dzanjalo linali litangozolowera.

Apa ndi pamene Ella anamvetsa chimene gulu lake linkafuna kwa iye. Anakoleka chikwama pa phewa.

"Ndathokoza, Che Alidi. Ndathokoza nonse. Ndikakuuzani mmene zikhalire ndi mayi uja."

"Mudzangondiimbira," anatero Che Alidi. "Osalemba pa gulu."

"Ndidzaimba. Tionana Loweruka."

"Tionana Loweruka, asisi," anayankha onse pamodzi, ndipo m'mawu awo munali kupepukidwa kumene sanathe kukubisa.

Anatseka chitseko bwinobwino n'kudutsa pa njinga ya Yona osacheuka. Pa msewu anaimbira kaye adokotala a ku kiliniki kwake, kuwauza za nkhufi ndi kuti amuitanitse mayi wa kaunjika thupi likangoyamba kutentha. Kenako anakwera minibasi yobwerera m'tauni, n'kukhala pa mpando wakumbuyo pakati pa thumba la makala ndi bambo wina wogona. Misozi inalengeza, koma m'minibasi si molirira. Anali atayambitsa gulu kuti munthu wa labu asamakhale yekha, ndipo gululo linali lamoyo, lathanzi, likukumana sabata iliyonse. Wotsala yekha anali iyeyo.

Asanafike pa Chichiri foni inanjenjemera m'chikwama. Unali uthenga wa a Ronald. Ankati zonse za Loweruka zakonzeka, alendo atsimikiza kubwera, ndipo lipoti likuoneka bwino kwambiri. Kumapeto anafunsa kuti: "Kodi pali china chimene mamembala anu amachita kunja kwa Loweruka ndi pa foni, choti tiwonjezere? Ngakhale chaching'ono, chingatithandize kwambiri."

Ella anauwerenga kawiri. Anadziwa kuti akangotchula za khitchini ya ku Kanjedza, akuluakulu aja sadzafunanso umboni wina, ndipo dzina lake lidzatchulidwa m'misonkhano ngati mayi amene anamanga gulu lenileni. Anadziwanso kuti pakadzatha mwezi m'khitchinimo mudzatsala firiji ndi sinki.

Analemba kuti, "Palibe china, bwana. N'zomwezo basi." Anayang'ana mawuwo kwa kanthawi, poti linali bodza ndipo linali lake, kenako anatumiza.

Kanabwera kaganizo koti atsike, akwere minibasi ina yobwerera ku Kanjedza, akamuonetse Yona kuti anamuganizira molakwa, kuti iye kunama amatha, ndiye amulole azibwera. Kondakitala anafunsa ngati alipo wotsika. Ella sanatsike. Yona anatchula a Ronald pofuna kungomulemekeza Ella, koma dzanja la Binti silinkabisira a Ronald, linkabisira iyeyo. Anabweza foni m'chikwama, pafupi ndi kagalasi, n'kupitirira nayo minibasi mpaka m'tauni, kumene kunali utoto woti asefe wodwala asanafike.